Mchere wa Loweruka Lija

Turffontein, Joni
11 Febuluwale 2024

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno ku Joni. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Tiyamike ndi onse a pakhomo. Mwendo uja ukuti bwanji? Ine ndili bwino, kungoti kunenepa kudakandikanabe, chimene mumandiseka nacho chija.

Kalatayi akuwerengereni mng'ono wanga Fainesi, mukhale awiriwiri. Foni ya atsibweni ndaileka dala. Munthu ukaimba iwo amakweza mawu, mudzi wonse wa kwa Mlolo n'kumamvera mpaka nkhuku zomwe. Nkhani za akazi sizingadutse mmenemo. Ndizipatsira makalata a Micheal, amene amabwera ndi katundu wa anthu ku Chadiza mwezi ndi mwezi.

Za Tiyamike ndamva. Ndinalira, Amayi, koma kulira kwa chimwemwe. Ndinamusiya akugweruka mano, lero mukuti mwana wanga wakula. Mwati anamkungwi a Elinata adzavinira atsikana anayi mu Ogasiti sukulu ikatsekera. Ine ndidzakhalapo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndabwerako kamodzi kokha, zambiri za mwanayu zandidutsa, ndipo bambo ake mukuwadziwa mmene aliri. Koma tsiku lotuluka m'tsimba ndidzamuveka chitenje ndi manja angawa. Mumuuze choncho.

Tsopano za kuno. Malo odyera amene ndimagwirako ntchito atsekedwa. Bwana wathu a Toni akalamba, akubwerera kwa ana awo ku Amereka. Musayambe kudandaula. Mkuluyu wandisiyira mapoto awiri akuluakulu ndi chitofu cha gasi, ndiponso wandigulitsa motchipa kalavani yakale imene inkangochita dzimbiri kuseri. Ndi kanyumba ka malata ka matayala awiri, kali ndi zenera logulitsirapo, kokokedwa ndi galimoto. Ine ndi mnzanga Philomena, wa ku Mchinji, taganiza zoyamba geni yathuyathu, tiziyenda nako kumene kuli anthu.

Tizigulitsa zimene a Toni anandiphunzitsa, chakudya cha Ataliyana a ku Amereka. Pali spageti, tizingwe ta ufa wa tirigu tija ndinakutumizirani inu n'kumati nyongolotsi. Pali timipira ta nyama yogaya tophika mu msuzi wa tomato ndi adyo kwa maola atatu. Timipirato timatiikanso m'buledi wamtali ngati mkono, pamwamba n'kuwazapo tchizi. Mukadzalawa mudzasiya kundinyoza.

Wotikokera kalavani tamupeza, ndi Gabriel mwana wa anzanu a Alinaswe, yemwe uja ndinkamubereka kumbuyo. Pano ndi bambo wandevu, amayendetsa kagalimoto ka abwana ake kotaya zinyalala za m'maluwa. Ndalama wakana, wati tizingomudyetsa.

Ndikudziwa chimene mufunse, ndiye ndiyankhiretu. Mwambo wa mchere sindinautaye. A Elinata anandilangiza kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'chakudya, kuopa kudula odyawo, angatupe ndi kutsokomola. Zaka zonsezi m'khitchini ya a Toni masiku anga akafika ndinkapempha wina kuti andithirire, iwo n'kumati ndi ulesi wa anthu a ku Zambia. Ine ndi Philomena tawerengetsa masiku athu, sakumana. Wina akakhala kuti sangathire, wina azithira.

Ndine mwana wanu,
Ebelesi


Turffontein
24 Malichi 2024

Amayi anga,

Moni nonse. Ine ndadzuka bwino, msana wokha ndi umene ukudandaula. Ndamva kuti dzuwa lapsereza chimanga kuyambira ku Zemba mpaka kwathu. Pepani. Ndatumiza marandi mazana anayi, mugule ufa usanakwerenso. Mbuzi yaikazi ija musagulitse zivute zitani, ndi ya tsiku la Tiyamike.

Geni tinayamba pa 2 Malichi. Kalavani tinaipenta zobiriwira, zoyera ndi zofiira, Philomena n'kulemba mitengo pa bolodi ndi dzanja lake lokongola lija. Tinakaima pamalo okwerera matekisi, mitima ili m'mwamba. Amayi, anthu anabwera, koma kudzaonerera. Aliyense ankafunsa kuti papa ali kuti, ndiyo nsima ya kuno. Mzibambo wina anagula mbale, n'kutola timipira tokhatokha, spageti yense n'kusiya. Pobweza mbale anati, "Mayi, ndiwo mumatha, koma chakudya mwaiwala kunyumba." Philomena anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinaseka nawo, koma madzulo ake titataya theka la poto sindinasekenso.

Vuto n'lakuti mbale yathu ndi marandi makumi atatu ndi asanu, pamene mayi wa pafupi nafe amagulitsa papa ndi nyama pa makumi awiri ndi asanu, munthu n'kukhuta mpaka mawa. Tchizi ndiye amadula ngati mankhwala. Tikachepetsa, chakudya sichikhalanso cha a Toni. Tikaika wokwanira, timagwirira ntchito mwini sitolo.

Sabata yachiwiri tinasamukira ku Booysens, kumene kuli mafakitale. Kumeneko kuli bwinoko. Buledi wa timipira amayenda, chifukwa munthu amatha kudya ali chiimire belu lisanalire. Masiku ena timatsala ndi kanthu, masiku ena timangobweza za gasi. Lamlungu a kwathu amabwera akatuluka m'tchalitchi, a kwa Mlolo, a ku Zemba, a ku boma, ndipo amagula. Amati akudya za chizungu zophika mwana wa kwawo. Zimandisangalatsa, Amayi, sindinama.

Gabriel ndiye kasitomala wamkulu, wosalipira uja. Amadya mabuledi awiri m'mawa asanapite, madzulo pobwera kudzatikoka amakombeza m'poto. Koma sanenepa. Ali ndi kachifuwa kamene akuti n'ka fumbi la zinyalala. Ndamuuza apite ku kiliniki, akuti mawa, mawa lake silifika. Mukaonana ndi a Alinaswe musawauze zimenezi, angade nkhawa pachabe.

Pali azibambo awiri amene amabwera Lachisanu lililonse kudzatipatsa moni pamalo pamene timaima. Moni wake ngwodula. Za iwowa tidzakamba ndikadzabwera.

Mundiuze saizi ya nsapato ya Tiyamike. Mujambule phazi lake papepala, chifukwa Fainesi akayerekeza ndi maso amagula za mwana wa chaka chatha.

Ine wanu,
Ebelesi


Turffontein
28 Epulo 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli moyo. Pepala la phazi ndalandira. Phazi limeneli ndi la ine ndendende, mpaka chala chachiwiri chotalika chija. Ine m'thupi mulibe chovuta.

Philomena kulibe. Pa 9 Epulo anapita kukagula tomato ku msika waukulu ndipo sanabwerere. Patapita masiku atatu ndinamva kuti anamupeza alibe mapepala, ali kumalo kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Sindingathe kukamuona, poti nanenso mapepala ndilibe, mukudziwa. Malaya ake adakali pa msomali. Tsopano ndimaphika ndekha, kugulitsa ndekha, kutsuka ndekha, ndipo ndikamva galimoto ikuima kumbuyo kwanga ndimayang'ana kothawira.

Koma chimene ndikufuna mundithandize ndi china. Sabata yatha masiku anga anafika, wondithirira mchere panalibe. Kwathu ukanangoitana kamwana, koma msewu wa mafakitale ulibe ana. Ndinapempha mayi wina wa Chizulu amene amagulitsa zipatso pafupi. Ndinamupatsa kapu ya mchere n'kumulozera poto. Anayang'ana kapu, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa kuti bwanji osathira wekha, muli chiyani mmenemu? Ndinalephera kufotokoza m'chinenero chawo. Pofika masana msewu wonse unali utamva kuti mayi wa kalavani ali ndi ufa woyera umene iye mwini amaopa kuugwira.

Ndiye ndinaphika wopanda mchere masiku anayi, n'kuika mbale ya mchere pa zenera kuti aliyense azidzithirira. Amayi, spageti si ndiwo za masamba. Mchere wake umalowa akamawira m'madzi, ukachedwa sulowanso, umangokhala pamwamba ngati mchenga. Timipira n'chimodzimodzi, mchere umasakanizidwa ndi nyama isanaumbidwe. Mnyamata wina wa ku fakitale ya mipando analavula pamaso panga. Amene ankabwera tsiku ndi tsiku tsopano amadutsa tsidya lina la msewu. Gabriel anadya, n'kungoti, "Alongo, lero lilime langa ladwala kapena?" Fainesi aziti bwanji osamutuma Gabriel yemweyo. Mwamuna, mwana wa anzanu, ndimuyambe bwanji nkhani yotere? Pakamwa panga sipangatseguke.

Pali kamwayi kamodzi. Mayi wina wachizungu analawapo buledi wathu Philomena asanagwidwe. Iyeyu amayang'anira msika wa Loweruka kumpoto kwa mzinda, kumene anthu olemera amapita kukadya atakhala pa udzu. Kumeneko mbale yomweyi ndi marandi makumi asanu ndi anayi, ndipo safunsa za papa. Wandiuza ndipite pa 18 Meyi akandiyese. Akakonda, malo ndi anga Loweruka lililonse, ndipo ulendo wa Ogasiti watheka. Akapanda kukonda, sindikudziwa.

Ndawerenga masiku, ndipo mtima wanga suli m'malo. Chonde pitani kwa a Elinata mwakachetechete. Muwafunse ngati mwambowu umawoloka nawo Limpopo, ngati umagwiranso pa anthu a mitundu ina amene sanaumvepo n'komwe. Mwina pali kamtengo kotafuna kapena kosamba m'manja. Yankho libwere ndi a Micheal msanga.

Mwana wanu,
Ebelesi


Turffontein
26 Meyi 2024

Amayi,

Moni. Ndili bwino. Kuno kwayamba kuzizira.

Malo aja ndapatsidwa. Pa 18 ndinagulitsa zonse isanakwane 2 koloko, mpaka anthu ena anabwerera. Mayi uja anati msuzi wotere anaudyapo kwa agogo ake okha. Dzulo ndinapitanso, zinayendanso bwino. Muyamike Mulungu m'malo mwanga.

Kalata yanu inafika pa 21, itachedwa ndi masiku atatu. Ndamva zimene anena a Elinata, kuti mwambo suona mtsinje, ndipo mankhwala ake ndi kudziletsa basi. Muwathokoze. Mwafunsa kuti tsono ndidzachita bwanji. Zinatheka, Amayi. Musandifunse zambiri, pepala ndi laling'ono.

Mu katunduyu muli zitenje zitatu. Chabuluu cha maluwa achikasu ndi cha Tiyamike chotulukira, musamuonetse, muchibise pansi pa sutukesi yanu. China n'chanu, china n'cha a Elinata. Muli nsapato, sopo, mafuta odzola ndi shuga. Marandi mazana asanu ndi limodzi ali m'thumba la shuga, mugule mapira a thobwa ndi nkhuku ziwiri zoti zizikula. Atsibweni asadziwe kuti mwalandira kanthu, mukudziwa kumene zimathera.

Ndafunsa kale mtengo wa basi yodzera ku Lusaka. Ndikapitiriza chonchi Loweruka zisanu ndi chimodzi, tikiti yakwana ndi za m'njira zomwe. Ndikufuna kufika pa 14 Ogasiti, kuti ndithandize kusinja.

Gabriel sakupeza bwino. Dzulo pomangirira kalavani anachita kukhala pansi kawiri. Nsapato zake akuti zayamba kumuthina.

Ebelesi


Turffontein
30 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni ndi mtima wolemera. Ndikhulupirira inu ndi mwana muli bwino. Ine ndikudwala mutu masiku ambiri, koma ndikuyenda.

Gabriel anagonekedwa m'chipatala pa 5 Juni. Miyendo yatupa mpaka m'mawondo, nkhope nayo yatupa, ndipo akatsokomola pamatuluka magazi. Madokotala akuti ndi chifuwa chachikulu chimene chinakhalitsa osachizidwa, ndipo impso nazo zafooka. Ndinapita kukamuona kawiri. Ulendo woyamba anandiseka, ati, "Alongo, kuno akutipatsa phala lopanda kanthu, mundibweretsere timipira tiwiri m'thumba." Ulendo wachiwiri ndinapeza abale ake ali pomwepo, ndipo chakudya chimene ndinanyamula anandibwezera chosatsegula.

Kalavani yangoima pabwalo. Ena okoka akufuna marandi mazana asanu kupita ndi kubwera, ndipo wina atalandira sanabwere. Ndinajomba Loweruka zitatu. Mayi wa msika uja anandiimbira mwaulemu ndithu, anati malo sangakhale opanda munthu, wapatsa wina wogulitsa nkhuku zootcha. Ndinayesa kuphikira pakhomo n'kumayenda ndi mabuledi m'beseni. Akazizira tchizi amauma ngati chikopa, ndipo munthu sagula kawiri.

Tsopano mumve kwa ine musanamve kwa ena. Pabwalo pamene ndimachita lendi pali Lydia wa ku Zemba, mkazi wa a Chimwemwe. Bafa ndi limodzi, chingwe choyanikira ndi chimodzi, ndipo mayi ameneyu amadziwa masiku a mkazi aliyense pano kuposa mwini wake. Iyeyu wauza anthu a kwathu kuti Loweruka la pa 18 Meyi ine ndinali kumwezi, ndinapita ku msika ndi Gabriel yekha, ndipo Philomena kunalibe. Akuti tsono mchere anathira ndani? Akuti kutupa kumeneku ndi kutsokomola magazi si za chipatala, ndi mdulo, ndipo wamudula Gabriel ndine.

Lamlungu lapitali palibe wa kwathu ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzagula. Ku tchalitchi ndinakhala pa benchi ndekha ngati ndili ndi mphere. Ndinamupeza Lydia pa mpopi n'kumufunsa kuti anandiona ndi maso ake ndikuthira? Anati, "Ine sindinaone kanthu, mayi, ndimangodziwa kuwerenga." Ndikanamumenya ndi chidebe, koma ndinakumbuka kuti ndilibe mapepala.

Gabriel anayamba kutsokomola kale, inu ndinu mboni, ndinakulemberani mu Malichi. Kalata imeneyo muisunge. Zimene mumve kumeneko musazitengere. Abale ake aganiza zomutumiza kumudzi ndi a Micheal sabata ya mawa, akuti akaonedwe ndi a zitsamba. Akafika mupite mukamuone, mutenge nkhuku imodzi mwa ziwiri zija.

Za pa 14 Ogasiti sizinasinthe. Ndikagulitsa poto mmodzi ndi chitofu, tikiti ikwana.

Ndine mwana wanu,
Ebelesi


Turffontein
28 Julaye 2024

Amayi anga okondedwa,

Kalata ya Fainesi ndalandira. Sindikufunsani za moyo, ndamva mmene mulili. Ine ndilipo.

Gabriel ndinamubereka kumbuyo ali khanda, ndipo wapita osanditsanzika. Wasiya mkazi ndi ana awiri. Masiku atatu sindinayatse moto. Kuno a kwathu anasonkhana kwa a Chimwemwe kukhuza maliro, ine sanandiuze. Ndinamva nyimbo ndili m'chipinda changa, khoma ndi limodzi.

Chimene chandipweteka koposa ndi zimene anakuchitani pa maliro. Fainesi walemba kuti mutagwira mthiko kuti muthandize kuphika, akazi anakulandani, ndipo a Alinaswe, anzanu a pa utsikana, anatembenukira kukhoma mutalowa m'nyumba. Walembanso kuti munaimirira pakati pa akazi onse n'kulumbira kuti mwana wanu Ebelesi sanaphwanyepo mwambo chibadwire, ndipo ngati anathira mchere umenewo inu mufe chaka chino chisanathe. Amayi, munalumbiriranji choncho? Ndani anakutumani? Ndawerenga mzere umenewo kambirimbiri.

Kalata ya mu Malichi akuti munaionetsa, iwo n'kunena kuti chifuwa n'chifuwa, koma kutupa kunayamba liti? Pepala la chipatala lili ndi abale ake, ndipo ngakhale likanakhala ndi ine, ndani kwa Mlolo angakhulupirire pepala kusiya zimene waona ndi maso pa mtembo?

Ndamvanso mawu a a Elinata. Akuti makolo a atsikana atatu aja sakufuna ana awo alowe m'tsimba limodzi ndi Tiyamike ngati ine ndidzakhalepo, kugwira mapoto ndi kukhudza anamwali. Akuti njira ndi imodzi: ndikafika ndikaime pamaso pa akazi akuluakulu ndi a Alinaswe, ndinene ndi pakamwa panga kuti ine sindinathire mchere. Ndikatero nkhani yatha, chinamwali chichitika monga tinakonzera. Fainesi akuti n'zosavuta, mawu atatu okha, ubwere udzanene.

Kalavani ndagulitsa. Wagula ndi mzibambo wa ku Zimbabwe, waipenta kale zachikasu, akugulitsiramo papa ndi mapazi a nkhuku pamalo a matekisi paja tinayambira. Ndinadutsapo Lachinayi, panali mzere wa anthu. Ndalama ya tikiti ndili nayo m'manja. Ndipatseni masiku ochepa.

Ebelesi


Turffontein
11 Ogasiti 2024

Amayi,

Moni kwa inu ndi kwa mwana wanga. Fainesi, uwerenge pang'onopang'ono, ndipo usadumphe mawu ngakhale amodzi pofuna kuwamvera chisoni Amayi.

Mchere uja ndinathira ndine.

Tinafika pa msika 7 koloko m'mawa. Masiku anga anali atayamba dzulo lake. Nyama ndinali nditaumba kale yopanda mchere, ndikuyembekeza kuti kumeneko ndipeza wina wondithandiza pa msuzi ndi pa madzi. Madzi anawira. Mayi woyang'anira uja anali akuyenda ndi kabuku kake, atatsala matebulo atatu kuti afike pa ine. Ndinaima ndi kapu ya mchere m'manja. Gabriel anali pomwepo, Amayi, pafupi ngati apa ndi apo, akupukuta manja atamasula kalavani. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alongo, mwaima bwanji ngati mwaona njoka?" Akanathira iye. Ndikanangoti tenga kapuyi uthire, osafotokoza n'komwe, ndipo mwina akanamvetsa yekha n'kukhala chete, poti naye ndi mwana wa kwathu. Koma ndinachita manyazi. Ndinati palibe kanthu. Atatembenuka ndinathira m'madzi, ndinathira mu msuzi, ndinaphwanya timipira tonse n'kuumbanso ndi mchere.

Ndinadziuza kuti odya ndi azungu, sizikuwakhudza. Koma mbale yoyamba anatenga ndi Gabriel, monga ankachitira masiku onse. Ndinamuona akutenga. Ndikanati usadye, akanafunsa chifukwa. Ndinangoyang'ana kumbali. Atatha anati, "Lero ndiye mwaphika, alongo." Anapemphanso ina, ndipo ndinamupatsa.

Anthu oposa makumi asanu ndi limodzi anadya tsiku limenelo, ndipo sindinamve kuti wina watupa. Madokotala ananena za chifuwa ndi impso, ndipo chifuwacho anali nacho kale. Ndimadziuza zimenezi m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndimakhulupirira, tsiku lina ayi. Ngati ndinamupha kapena sindinamuphe, sindidzadziwa mpaka kufa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinkakhulupirira kuti chingamupweteke, ndipo ndinamusiya adye kuti nditeteze malo a pa msika ndi nkhope yanga.

Tsono mawu atatu aja sindinganene. Ndayesa kuwanena ndekha m'chipinda muno, amatuluka bwinobwino. Koma kuima pamaso pa a Alinaswe n'kunama, kenako n'kukagwira mwana wanga ali namwali wa m'tsimba ndi manja omwewa, sindingathe. Akadzangotsokomola kamodzi ine ndidzapenga. Ndikabweranso n'kunena zoona, atsikana ena aja achotsedwa, Tiyamike avinidwa yekha kapena osavinidwa n'komwe, ndipo dzina lake pa mudzi lidzakhala mwana wa mayi uja anadula Gabriel. Ndaganiza mbali zonse mpaka mutu kuwawa. Ndikapanda kubwera, a Elinata alibe chifukwa chomukanira.

Sindibwera, Amayi.

Lumbiro lanu lija mukalibweze. Mupite kwa a Elinata nokha, muwauze kuti munalumbira musakudziwa, akuuzeni chochita. Sindikufuna kuti bodza langa likhale pa mutu panu. Ngati muwauze a Alinaswe kapena ayi, ndasiyira inu, ndinu amene mukhale nawo pa mudzi. Ndalama ya tikiti ili mu envelopuyi yonse. Theka mupatse mkazi wa Gabriel, musanene kumene yachokera. Theka linalo ndi la tsiku la mwana. Za ine musade nkhawa, ndapeza ganyu yotsuka mbale masiku atatu pa sabata. Kumeneko sandilola kufika pa moto, ndipo ndi bwino choncho.

Fainesi, mng'ono wanga, iwenso ndiwe mayi wake wa Tiyamike. Udzaime pamalo panga. Udzamuveke ndiwe, udzavine kwambiri ngakhale umavina ngati ukupha nyerere, asadzaone kuti mbali yake kwachepa anthu. Akadzafunsa za ine usadzamuuze kuti ndadwala, angamadandaule ali m'tsimba. Usadzamuuzenso kuti ntchito yandigwira, angaganize kuti ndasankha ntchito. Udzangoti amayi ako analakwitsa chinthu, ndipo akhala kutali kuti tsiku lako liyende bwino. Zotsalazo ndidzamuuza ndekha akadzakhala mayi, ngati adzafune kundimva.

Walemba kuti Tiyamike wapempha kale njinga ya atsibweni kuti Lachitatu akandichingamire ku boma, ndipo wakhala akufunsa kuti minibasi yoyamba ya ku Chipata imafika nthawi yanji. Kalatayi ifika Lachiwiri madzulo a Micheal akapanda kuchedwa pa malire. Mumuuze tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche. Ndi mtunda wautali kuti mwana apalase yekha pobwerera.

Ndine mwana wanu,
Ebelesi